Sampulo yochepa bwanji ingakwanire pa X-ray diffraction?

Funso limene anthu otumiza masampulo ku labotale ya X-ray diffraction, njira yodziwira mmene maatomu akhalira m'chinthu pochiwalitsa ndi cheza cha X-ray, amayamba nalo ndi lakuti, "Nditumize zochuluka bwanji?" Kwa amene ali pachangu yankho ndi ili. Mukafuna kudziwa mmene maatomu akhalira mu molekyu, pamafunika kristalo imodzi yabwino ya mamilimita 0.1 mpaka 0.3, ndipo muisiye m'madzi amene yamereramo. Mukafuna kungodziwa kuti ufa wanu ndi mwala wanji kapena mankhwala anji, mamiligalamu 10 mpaka 20 akwana. Koma mukafuna maperesenti a chilichonse chimene chili mu ufawo, konzani magalamu 2 kapena 3. Manambalawa ali ndi zifukwa zake, ndipo wosadziwa zifukwazo akhoza kutumiza jumbo yodzaza dothi n'kulandira zotsatira zopotoka, pomwe mnzake watumiza kafumbi kosaoneka bwino ndi maso n'kupeza zonse zimene amafuna.

Makina a diffraction sadziwa za sikelo. Chimene amawerenga ndi cheza cha X-ray chimene chamwazidwa ndi maatomu amene andandalikana m'mizere yotalikirana mofanana, ndipo chezacho chimatuluka pa madigiri ena okha, monga Lawrence Bragg anaonetsera mu 1912 ndi lamulo lake la nλ = 2d sin θ, pomwe n ndi nambala yathunthu, λ ndi wavelength (kutalika kwa funde la cheza), d ndi mtunda wa pakati pa mizere ya maatomu, ndipo θ ndi madigiri amene cheza chagundira mizereyo. Choncho funso la kuchuluka kwa sampulo limagawika pawiri. Pa kristalo imodzi nkhani ndi yakuti madontho amene ikutulutsa awale kuposa chifunga chowazungulira (background) pa detector, chida chojambula chezacho. Pa ufa nkhani ndi yakuti timakristalo tichuluke mokwanira kuti tiyang'ane mbali zonse. Kusakaniza ziwirizi ndi kumene kumasokoneza anthu ambiri.

Kristalo imodzi

Mu 1914 Charles Galton Darwin analemba masamu a mphamvu ya dontho lililonse, ndipo pa nkhani yathu pali zinthu zinayi. Mphamvuyo imakwera molingana ndi voliyumu ya kristalo imene cheza chagunda. Imakwera msanga maatomu akakhala olemera, chifukwa amene amamwaza X-ray ndi maelekitironi. Imakwera ndi wavelength itadzichulukitsa yokha katatu (λ³). Ndipo imatsika kwambiri unit cell ikakhala yaikulu. Unit cell ili ngati njerwa imene yabwerezedwa khoma lonse: njerwa zikakhala zazikulu, m'khoma lomwelo mumalowa zochepa, ndipo madontho oti agawane chezacho amachuluka. N'chifukwa chake kakristalo ka quartz ka ma micron 30 kamawala bwino, pomwe kristalo ya puloteni ya msinkhu womwewo imangoti phethiphethi pa makina omwewo. Micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a milimita.

Mawu akuti voliyumu ndi amene amapweteka. Kristalo ya 0.1 mm mbali zonse si theka la ya 0.2 mm, ndi gawo limodzi mwa 8. Ya 0.05 mm ndi gawo limodzi mwa 64. Kristalo ikamachepa choncho, mafuta amene mwaimatira, kalupu (loop) kamene kaigwira ndi mpweya wa panjira zimamwazabe cheza monga kale, ndiye background siitsika nayo. Kwa madontho owala, kuchepetsa mbali ndi theka kumafuna nthawi yowirikiza ka 8. Kwa madontho ofooka amene ali pafupi kumira mu background, omwenso ndi amene amanyamula tsatanetsatane, nthawiyo ikhoza kuwirikiza mpaka ka 64. Ntchito ya maola awiri imasanduka ya masiku.

Kulemera kwake n'koseketsa mukakuwerengera. Kristalo ya organic ya 0.1 mm mbali zonse, ya density 1.3, imalemera ma microgram 1.3 basi. Kambulu kamodzi ka mchere wa patebulo, kamene kamakhala cha m'ma 0.3 mm, ndi kristalo yaikulu kale kwa makina amakono.

Malire ake amadalira gwero la cheza. Makina akale a sealed tube, a molybdenum ndi collimator (kachubu kowongola cheza) ya 0.5 mm, amafuna kristalo ya 0.2 mpaka 0.5 mm, ndipo pansi pa 0.1 mm amavutika pokhapokha mutakhala chitsulo cholemera. Makina a microfocus amapanikiza cheza m'kadontho ka pafupifupi 0.1 mm, ndipo ndi detector yamakono amatha kugwira ntchito ndi makristalo a 0.02 mpaka 0.05 mm. Kusankha pakati pa copper ndi molybdenum kumathandizanso. Wavelength ya copper ndi 1.54 Å, ya molybdenum ndi 0.71 Å (Å imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 10,000 a micron), ndipo mukagawa 1.54 ndi 0.71, yankholo n'kudzichulukitsa lokha katatu, mupeza kuti copper imapambana pafupifupi ka 10. Kakristalo kakang'ono ka carbon, hydrogen, nitrogen ndi oxygen kokha kapite pa copper osakambirana. Ndi copper yomweyonso imene imapereka Flack parameter yodalirika mukafuna kudziwa ngati molekyu ndi yakumanja kapena yakumanzere popanda atomu yolemera.

Kukula kulinso ndi malire ake, ndipo apa ophunzira amalakwa kawirikawiri posankha kristalo yaikulu kwambiri m'botolo. Kristalo imameza cheza. Lamulo lakale limati makulidwe abwino ndi pafupifupi 2/μ, pomwe μ ndi nambala yosonyeza mmene chinthucho chimamezera. Pa organic ndi molybdenum μ imakhala cha m'ma 0.1 pa milimita, ndiye palibe chodetsa nkhawa. Koma mankhwala okhala ndi lead, bismuth kapena uranium akhoza kupitirira 20 pa milimita, ndipo pamenepo kristalo yoposa 0.1 mm ikungodya chezacho. Zoterozo musaziike pa copper, zipite pa molybdenum kapena silver. Kristalo yaikulu kuposa cheza imabweretsanso vuto lakuti voliyumu yogundidwa imasintha ikamazungulira. Mapulogalamu amakonza zimenezi kufika pena, koma kudula ndi lezala, kristalo ili m'mafuta pa galasi, n'kwabwino kuposa kudalira kompyuta.

Za singano ndi timapepala: musawerenge mbali yaitali yokha. Kapepala ka 0.3 × 0.3 × 0.01 mm kali ndi voliyumu pafupifupi yofanana ndi ya 0.1 mm mbali zonse, ndiye pa masamu kakukwana. Vuto lake n'lakuti kamapindika m'mafuta akazizira, ndipo nthawi zambiri sikakhala kamodzi koma timapepala tingapo tosanjikizana mopendekeka pang'ono. Madontho ake amatuluka ngati timichira.

Ubwino wa kristalo umaposa kukula kwake. Iikeni pa mayikulosikopu ya polarised light n'kuizunguliza. Yabwino imada yonse nthawi imodzi pa madigiri 90 aliwonse, kupatula za cubic zimene zimakhala zakuda nthawi zonse. Ikada mbali imodzi ina ikuwala, ndi mapasa kapena zomatana. Ikayamba kuyera ngati choko mutangoitulutsa, ikutaya solvent (madzi osungunulira) imene inali m'kati mwake ndipo yafa. Ichi ndicho chifukwa chosaumitsira makristalo: atoleni m'madzi awo, alowe m'mafuta monga Paratone pompopompo, kenako pa mpweya wa nitrogen wa 100 K. Kuziziritsako kumachepetsa kunjenjemera kwa maatomu, ndipo madontho a pa madigiri apamwamba amawala kwambiri. Kwa kristalo yaing'ono phindu limeneli limaposa kuwonjezera nthawi.

Muyeso wotsiriza ndi resolution, kutanthauza tsatanetsatane amene deta ikuonetsa: nambala ya Å ikachepa, tsatanetsataneyo amachuluka. Kuti ntchito ilandiridwe popanda madandaulo ku checkCIF, pulogalamu yofufuza zolakwika ya IUCr, bungwe la padziko lonse la akatswiri a makristalo, madontho afike pa 0.84 Å, kutanthauza 2θ (madigiri amene cheza chapatuka) ya pafupifupi 50 pa molybdenum kapena 133 pa copper. Jambulani mafelemu ochepa oyesera. Ngati pa masekondi 30 kapena 60 madontho akuthera pa 1.2 Å, musataye usiku wonse, bwererani ku botolo mukasankhe ina. Kuyesa makristalo 5 kwa mphindi 5 iliyonse kumapindula kuposa kukakamira yoyamba.

Nanga zoyambira kumeretsa kristaloyo? Mamiligalamu 5 mpaka 10 a chinthu choyera bwino amakwana. Sungunulani mu theka la mililita ya solvent monga dichloromethane m'kabotolo kakang'ono, sefani kudzera pa kathonje kuti fumbi lisakhale poyambira timakristalo tambirimbiri, ikani kabotoloko kosatseka m'botolo lalikulupo lokhala ndi hexane kapena diethyl ether, tsekani lalikululo, ndipo musalikhudze masiku angapo. Kuligwedeza tsiku lililonse pofuna kuona ngati zamera ndi njira yotsimikizika yopezera ufa. Anthu ambiri apezanso makristalo abwino m'chubu cha NMR (njira ina yoyezera mankhwala) chimene chinaiwalika pa benchi, choncho musanatsuke chubu chakale, chiyang'aneni pa kuwala.

Makristalo akakana kupitirira ma micron 10 kapena 20, njira ndi synchrotron, chimakina chozungulitsa maelekitironi chimene chimatulutsa X-ray yamphamvu zedi. Beamline (malo oyezera) ya I19 ku synchrotron ya Diamond Light Source ku England ndi ya makristalo a mamolekyu ang'onoang'ono, ndipo pa makina ngati amenewo kristalo ya ma micron 5 mpaka 10 imatheka. Ku Africa kulibe synchrotron. South Africa inalowa mgwirizano wa synchrotron ya ESRF ya ku Grenoble, ku France, mu 2013, ndipo ofufuza ena amadalira anzawo a kunja. Pa synchrotron malire amasintha nkhope: cheza ndi chokwanira, koma chimawotcha kristalo isanamalize kuzungulira. Pa mapuloteni ozizira, gulu la Elspeth Garman linapeza mu 2006 kuti kupitirira ma megagray 30 (muyeso wa cheza chimene kristalo yameza) deta siidalirikanso. James Holton ndi Kenneth Frankel anawerengera mu 2010 kuti ngakhale makina atakhala angwiro, kristalo ya puloteni ya lysozyme imafunika kukhala ya ma micron 1.2 kuti ipereke deta yathunthu ya 2 Å. Pansi pamenepo pamafunika kusonkhanitsa deta kuchokera ku makristalo ambiri, monga gulu la Henry Chapman linachitira mu 2011 ndi X-ray laser ya LCLS ku Stanford, pomwe kakristalo kalikonse kamajambulidwa kamodzi n'kuphulika. Kristalo iliyonse pamenepo ndi yaing'ono zedi, koma puloteni yonse yofunika ndi yambiri.

Ufa

Njira ya ufa inayamba ndi Peter Debye ndi Paul Scherrer mu 1916, ndi Albert Hull payekha mu 1917. Imaima pa ganizo limodzi, lakuti mu sampulo muli timakristalo tosawerengeka toyang'ana mbali iliyonse mofanana. Pa makina wamba a Bragg-Brentano, mwa timakristalo tonseto ndi tochepa kwambiri timene timapezeka titayang'ana koyenera pa nthawi imene detector ikudutsa. Tikachepa, kutalika kwa ma peak, nsonga za pa girafu imene makina amatulutsa, kumakhala kwa mwayi.

Werengani nafe. Kambulu ka quartz ka ma micron 10 mbali zonse kamalemera ma nanogram 2.65, ndiye mu miligalamu imodzi muli timibulu toposa 370,000. Timibulu tikakhala ta ma micron 40, mu miligalamu yomweyo muli tosakwana 6,000. Miligalamu imodzi yoperedwa bwino ikufanana ndi mamiligalamu 64 operedwa mwaulesi. Alexander, Klug ndi Kummer anayeza zimenezi pa quartz mu 1948. Ufa wa ma micron 15 mpaka 50 unkasintha mphamvu ya peak ndi maperesenti pafupifupi 18 akaupakira kachiwiri. Wa ma micron 5 mpaka 15 unkasintha ndi maperesenti 2, ndipo wosakwana ma micron 5 unkasintha ndi peresenti imodzi ndi pang'ono. Manambala amenewa sanakalambe.

Wina anganene kuti, basi ndithira wambiri. Sizithandiza, chifukwa cheza sichilowa pansi. Pa quartz ndi copper, peak yaikulu ya pa madigiri 26.6 imachokera pafupifupi yonse mu 0.1 mm yapamwamba ya ufa. Malo amene cheza chimagunda akakhala 10 × 20 mm, ufa umene makina akuuona ndi mamiligalamu 20 mpaka 30 okha. Galamu imodzi kapena awiri amene mumathira mu holder (kambale koikamo sampulo) yokuya, ambiri ntchito yawo ndi kuchirikiza kansalu kapamwambako kuti kakhale kosalala. Pa zinthu za organic ndi zosiyana: cheza chimalowa milimita yathunthu kapena kuposa, ma peak amasunthira kumadigiri otsika n'kufufuma mbali imodzi. Mankhwala otere amaoneka bwino akakhala opyapyala kapena mu capillary, kachubu kowonda ka galasi.

Choncho nthawi yanu ithere pa kupera. Kamtondo ka agate ndi madontho ochepa a ethanol kapena acetone zimakwana pa ntchito yongozindikira. Perani mamiligalamu 100 kapena 200 nthawi imodzi, mozunguliza osati mosinja, mpaka ufa usamveke mchenga pakati pa zala. Ukhale ngati ufa woyera wosefa kawiri, osati mgaiwa. Ukamakhakhalabe ndiye kuti timibulu tili pamwamba pa ma micron 40. Pa ntchito ya maperesenti dzanja silikwanira. Mphero ya McCrone imalandira magalamu 2 mpaka 3 osweka kale pansi pa theka la milimita, ndi mamililita 7 mpaka 10 a ethanol, kwa mphindi 5 mpaka 10, ndipo imatulutsa ufa wosakwana ma micron 10. Apa ndi pamene pachokera nambala ya magalamu 2 kapena 3 ija: ndi mphero imene imafuna zochuluka choncho, osati X-ray. Ngati mukufuna kudziwanso gawo lopanda makristalo, monga galasi mu phulusa la malasha, sakanizani corundum yolemera maperesenti 10 kapena 20 musanapere, kuti Rietveld, njira ya pa kompyuta yowerengera maperesentiwo, ikhale ndi poyerekezera.

Kupera mopitirira kulinso ndi chilango. Mphero youma yothamanga imatenthetsa, gypsum imataya madzi, kaolinite imasokonekera, ndipo mankhwala ena amasintha polymorph, kutanthauza kandandalikidwe ka kristalo yawo. Makristalo akatsika pansi pa ma nanometer 100 ma peak amayamba kufutukuka monga Scherrer anafotokozera mu 1918, ndipo mukapitiriza amasanduka chulu chopanda nsonga. Kuzunguliza sampulo pa makina kumachulukitsa timibulu towerengedwa popanda kupera kwina, ndiye ngati spinner ilipo, iyatseni.

Sampulo ikakhala yochepadi, musayese kudzaza holder yokuya poika pepala kapena thonje pansi. Gwiritsani zero background holder, kambale ka silicon kodulidwa mopendekeka, nthawi zambiri pa 510 kapena 911, kuti kasatulutse peak iliyonse. Sakanizani mamiligalamu 2 mpaka 10 ndi dontho la ethanol, falitsani pakati pa kambaleko m'malo a sentimita imodzi, dikirani ziume. Pa kambale kotere ngakhale miligalamu imodzi ya chinthu cha makristalo abwino imazindikirika, mukatalikitsa nthawi. Galasi wamba la mayikulosikopu ndi lotchipa, koma limaika chulu chachikulu pakati pa madigiri 15 ndi 35, pomwe pali ma peak ofunika, ndipo wosazolowera amati sampulo yake ndi amorphous, yopanda makristalo.

Pali misampha iwiri pa sampulo zochepa. Woyamba ndi msinkhu. Ufa ukakhala 0.1 mm pamwamba kapena pansi pa malo ake, pa makina a radius ya 240 mm ma peak amasuntha ndi madigiri pafupifupi 0.05, zokwanira kusokoneza kufufuza mu database ya PDF (Powder Diffraction File, nkhokwe ya ma peak a zinthu zodziwika) kapena kupotoza unit cell. Kafumbi ka silicon yoyerekezera ya NIST SRM 640, imene ma peak ake ndi odziwika bwino, kosakanizidwa mu sampulo kamakuuzani kuti zasuntha bwanji. Wachiwiri ndi slit, kampata kamene cheza chimadutsamo. Ndi divergence slit ya theka la digiri pa makina omwewo, cheza chimafalikira mamilimita 8 pa 2θ ya 30, mamilimita 24 pa 10, ndi mamilimita 48 pa 5. Kadontho kanu ka ufa ka mamilimita 10 kamalandira gawo lochepa la cheza pa madigiri otsika, chotsalacho chimagunda holder. Ma peak a kumunsi amafupika ndipo background imakwera. Chepetsani slit ifike pa gawo limodzi mwa 8 a digiri ndi kuika mask yopapatiza. Dziwaninso kuti ufa wopyapyala umafupikitsa ma peak a kumtunda, chifukwa cheza chimaboola n'kudutsa. Malo a ma peak ndi odalirika, kutalika kwake ayi, ndiye maperesenti ochokera pa kambale ka silicon musawakhulupirire kwambiri.

Capillary ndi yabwino kuposa zonsezi ngati makina ali ndi zida zake. Kachubu ka galasi ka 0.5 mm kodzazidwa masentimita 2 kamadya mamiligalamu 2 kapena 3, kamazungulira, ndipo kamathetsa vuto la makristalo ogona mbali imodzi. Kudzaza kwake kumafuna mtima wautali: thirani pang'onopang'ono, gwetsani kachubuko m'chubu chachitali cha galasi kuti ufa utsike, tsekani ndi moto kapena guluu. Pa zinthu zomeza kwambiri sankhani ka 0.3 mm, kapena sakanizani ndi ufa wa galasi. Ndipo ngati muli ndi kambulu kamodzi kokha ka mwala wosowa, kamera ya Gandolfi ya mu 1967 inapangidwira zimenezo: imazunguliza kambuluko pa ma axis awiri kuti kaoneke ngati ufa. Makina a kristalo imodzi amakono amatha kutsanzira kuzungulira komweko pa kambulu ka ma micron 30 mpaka 50.

Kuti muone pamene njira ya ufa imafika ikakonzedwa bwino, onani kuyeza fumbi la silica limene limayambitsa silicosis, matenda amene anagwira amuna ambiri a kuno amene anapita ku migodi ya golide ku Joni. Njira ya nambala 7500 ya NIOSH, bungwe la ku America loona za umoyo pa ntchito, imasamutsira fumbilo pa sefa ya silver ya mamilimita 25, ndipo imayeza kuyambira ma microgram 20 mpaka mamiligalamu 2, n'kumatha kuona quartz ya ma microgram 5. Zimatheka chifukwa fumbi lopumidwa ndi losalala kale, ndipo makina amayang'ana ma peak ochepa odziwika kwa nthawi yaitali.

Kuchuluka kwa sampulo n'kosiyana ndi kuchuluka kwa chinthu m'kati mwa sampulo. Pa scan wamba, chimene chili pansi pa peresenti imodzi kapena ziwiri chimabisala, ndipo kuthira ufa wambiri sikuchitulutsa. Chofunika ndi kuchipatula kaye. Tengani dothi la ku Kasiya, ku Lilongwe, komwe kuli rutile ndi graphite. Diffraction imasiyanitsa rutile ndi anatase, ngakhale zonse ndi TiO2: ndi copper rutile imaonekera pa madigiri 27.4, anatase pa 25.3. Koma mu dothi losapatula rutile ndi yochepa, ndipo yayandikana ndi peak yaikulu ya quartz ya pa 26.6, imene imakwiriranso peak ya graphite ya pa 26.5. Mukachotsa dongo n'kupatula timiyala tolemera, mamiligalamu 20 a zotsalazo amanena zambiri kuposa kilogalamu ya dothi. Dothi lofiira limabweretsanso vuto lina: iron imawala yokha ikagundidwa ndi cheza cha copper, background n'kukwera. Chubu cha cobalt, cha 1.79 Å, kapena detector yotha kusankha mphamvu ya cheza ndiye mankhwala ake.

Dongo lili ndi njira yakeyake. Kuti mutsimikize smectite, mtundu wa dongo umene umachititsa makande a ku Lower Shire kufufuma dzinja n'kung'aluka chilimwe, yambani ndi magalamu 10 mpaka 20 a dothi, omwazidwa bwino m'madzi. Pa kutentha kwa 20 °C, pakapita maola pafupifupi 4, masentimita 5 apamwamba amatsala ndi timibulu tosakwana ma micron 2. Mamiligalamu makumi ochepa a timeneti, owumitsidwa pa galasi, akwana. Pano mukufuna dala kuti timapepala ta dongo tigone chafufumimba. Yezani katatu. Youma ndi mpweya, smectite ili cha m'ma 15 Å. Ikamwa nthunzi ya ethylene glycol imafufuma kufika 17 Å, pa madigiri 5.2, pamene nkhani ya slit ija imaluma kwambiri. Ikawotchedwa pa 550 °C imafwamphukira pa 10 Å, ndipo peak ya kaolinite ya 7 Å imazimiririka.

Pa miyala, dothi ndi simenti, vuto lalikulu ndi lakuti mamiligalamu 30 amene makina akuona aimire mulu wonse. Musatape pamwamba pa thumba ndi supuni. Swani zonse, sakanizani, gawani ndi riffle splitter kapena pounjika n'kudula panayi, perani gawo limene mwatenga, gawaninso.

Maelekitironi ndi manyutironi

Diffraction imathekanso ndi maelekitironi kapena manyutironi m'malo mwa X-ray. Maelekitironi amamwazidwa mwamphamvu kuposa X-ray kuwirikiza zikwi zambiri, ndiye amafuna kristalo yopyapyala, yosapitirira theka la micron pa organic ndi yochepera pamenepo pa miyala. Ute Kolb ku Mainz anayambitsa kusonkhanitsa deta yotere mbali zonse mu 2007, gulu la Tamir Gonen linaonetsa njira yofanana nayo yotchedwa MicroED pa lysozyme mu 2013, ndipo mu 2018 magulu awiri anaonetsa kuti ufa wa mankhwala wotengedwa m'botolo umapereka mapangidwe a molekyu popanda kumeretsa kristalo. Kukonza kwake n'kosavuta: tikitani kafumbi pakati pa magalasi awiri, gunditsani grid (kasefa konyamulira sampulo) ya mamilimita 3 yokhala ndi carbon, kutumulani zotsala. Kristalo ya theka la micron ndi yochepa ka 8 miliyoni poyerekeza ndi ya 0.1 mm ija, ndipo deta yake imatengedwa m'mphindi zochepa.

Mtengo wake ulipo. Maelekitironi amamwazidwa kangapo asanatuluke, ndiye R1, nambala yosonyeza kusiyana kwa zoyezedwa ndi zowerengedwa, ya maperesenti 10 mpaka 20 ndi yachizolowezi pokhapokha mutachita dynamical refinement, imene imawerengera kumwazidwa kobwerezaku, ndipo mitunda ya pakati pa maatomu siikhala yolondola ngati ya X-ray. Grid siizungulira bwalo lonse, choncho pamafunika kuphatikiza makristalo angapo. Vacuum imayamwa madzi ndi solvent, ndiye hydrate (kristalo yokhala ndi madzi m'kati) iyenera kulowa itazizira kale. Choopsa kwambiri n'chakuti mukusankha timakristalo tiwiri kapena titatu mwa mamiliyoni, ndipo kokongola kwambiri kakhoza kukhala kachitsotso kolowerera. Werengerani pattern ya ufa kuchokera pa zimene mwapeza n'kuiyerekeza ndi ya sampulo yonse. Chimodzimodzinso ndi kristalo imodzi ya X-ray yotoledwa m'botolo.

Manyutironi ali kumapeto kwina. Amamwazidwa mofooka ndipo magwero ake ndi ofooka, kaya ndi ILL ku Grenoble, ISIS ku England kapena SAFARI-1 ku Pelindaba. Kristalo imodzi imafunika kukhala cha m'ma 1 mm mbali zonse, ngakhale makina a Laue amatsika pansi pamenepo. Ufa umayezedwa m'magalamu, kawirikawiri 1 mpaka 5, m'kachitini ka vanadium chifukwa vanadium siionetsa ma peak ooneka. Hydrogen imadzaza background, ndiye ufa wokhala ndi hydrogen wambiri umafunika kupangidwa ndi deuterium (hydrogen yolemera) m'malo mwake, ndipo magalamu angapo a zoterozo si ndalama zochepa. Pitani ku manyutironi pokhapokha funso lanu lili la malo a hydrogen, la lithium pakati pa maatomu olemera, kapena la maginito.

Potumiza sampulo ina iliyonse, lembani maelementi amene mukuyembekezera, solvent imene yagwiritsidwa ntchito, ngati imaopa mpweya, chinyezi kapena kuwala, ndi funso lenileni limene mukufuna liyankhidwe, chifukwa wa pa makina amasankha chubu, holder ndi slit potengera zimenezo. Botolo la makristalo lidzaze ndi madzi ake mpaka pafupi ndi pakamwa kuti asagubuduke panjira, ndipo lisaikidwe mufiriji ngati sanamerere mozizira. Ufa uikidwe m'kabotolo ka galasi, osati m'kapulasitiki, chifukwa mamiligalamu 5 m'kapulasitiki amamatirira m'makoma ndipo wotsegula amapezamo 2. X-ray ya mu labotale siiwononga ufa wa miyala, ndiye ngati ndi wosowa pemphani aubweze, koma wa mu capillary ndi wa pa grid muuwerenge kuti wapita.